Kukwera Phiri la Zomba ndi galu: zokonzekera, njira zake ndi zoti musamale

Agalu ambiri mu Zomba muno phiri amangolionera patali. Masana onse ali pa tcheni kuseri kwa nyumba, usiku amamasulidwa kuti alondere, kukacha abwerera pa tcheni pomwepo. Kenako eni ake amadabwa kuti galu wayamba ukali, akukumba maluwa, akuuwa usiku wonse popanda chifukwa. Galu ndi nyama yoyenda, ndipo ife tili ndi mwayi umene matauni ena alibe: nkhalango yayikulu, yozizira, ili pamwamba pa mitu yathu. Ine ndimakwera ndi galu wanga Tiyese pafupifupi Loweruka lililonse kunja kukakhala bwino, ndipo zimene ndalemba apa ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza tsiku loyamba. Chachikulu pa zonse ndi chingwe. Galu amene simungathe kumugwira pa chingwe kuyambira poyambira ulendo mpaka pothera, musakwere naye.

Yambani ndi katemera, phiri libwera pambuyo

Musanaganize za njira iliyonse, onani khadi la katemera wa chiwewe. Kagalu kamabayidwa kakakwana miyezi 3, ndipo kuno timabwereza chaka chilichonse. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, kaya pa galu kaya pa munthu, sichichizika. M'boma la Zomba mumachitika kampeni yobaya agalu mwaulere, imene bungwe la Mission Rabies limayendetsa mothandizana ndi a zaziweto, koma ngati inakupitirirani musadikire chaka chamawa. Pitani ku ofesi ya zaziweto kapena kwa dokotala wa ziweto. Kumtunda kuja galu wanu akumana ndi agalu a anthu ena amene simukuwadziwa mbiri yawo, komanso nyama zakutchire.

Chachiwiri ndi nkhupakupa. Udzu wa paphiri, makamaka mvula ikangotha, umakhala nazo zambiri. Musambitseni galu dipi kapena mupatseni mankhwala ophera nkhupakupa ndi utitiri kutatsala masiku angapo, osati m'mawa wa ulendo, chifukwa galu wonyowa ndi dipi akalowa mumtsinje mankhwalawo amapita m'madzi. Mankhwala a njoka za m'mimba apatsidwe miyezi 3 iliyonse.

Galu wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna asiyeni kunyumba, apo ayi mudzatsika phiri ndi gulu la agalu osawadziwa. Kagalu kakang'ono kamene mafupa ake sanakhwime, galu wokalamba ndi galu wa bere, awa muyende nawo kufupi, pamalo athyathyathya.

Muphunzitseni chingwe kunyumba

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Galu amene anazolowera tcheni cha pamtengo akamangidwa chingwe choyendera koyamba amakoka ngati ng'ombe ya pangolo, kapena amangogona pansi n'kukana kusuntha. Zimenezi zithetseni m'makwalala a kwanuko, kwa sabata ziwiri kapena zitatu, mphindi 20 kapena 30 patsiku. Akakoka, imani. Chingwe chikalefuka, yendani. Akayenda bwino pambali panu, muyamikireni ndi mawu ndipo mupatseni kakudya kakang'ono, ngakhale kausipa kamodzi. Kumenya sikuphunzitsa galu kuyenda, kumangomuphunzitsa kukuopani, ndipo galu wamantha akadzidzimuka m'nkhalango amathawira kutali ndi inu m'malo mothawira kwa inu.

Mawu atatu akwanira: "bwera", "khala", "leka". Muziwanena mofanana nthawi zonse, ndipo onse a m'nyumba azigwiritsa ntchito omwewo.

Lamba wa m'khosi akhale woti zala ziwiri zilowe pakati pa lambayo ndi khosi. Akalefuka kwambiri galu amavula pobwerera m'mbuyo, akathina amamutsamwitsa pokwera chitunda. Waya kapena chingwe cha nayiloni chopyapyala musamange nacho galu m'khosi, chimacheka. Chingwe cha mamita awiri ndi chabwino panjira yopapatiza. Lembani nambala ya foni yanu pa lambayo.

Sankhani nyengo ndi nthawi

Miyezi yokoma kuyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Njira zimakhala zouma, mitsinje ikadali ndi madzi, ndipo galu satopa ndi kutentha. Koma mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera mosalonjera. Mumanyamuka kuli dzuwa, pofika pamwamba nkhungu yaphimba paliponse moti mtengo uli apo simuuona, kamvula kowaza kali mbuu. Phirili nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, choncho kuzizira kwake n'kosiyana ndi kwa m'tauni. Juzi ndi jekete yamvula zikhale m'chikwama ngakhale kumwamba kuli koyera.

Seputembala mpaka Novembala ndi nyengo ya dzuwa ndi moto wolusa. Masamba a paini akauma pansi amayaka ngati parafini, ndipo moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika. Mukaona utsi kutsogolo kapena kumunsi kwanu, bwererani, ndipo musathawire kumtunda kwa motowo. M'miyezi imeneyi nyamukani 5 koloko m'mawa kuti pofika 10 koloko mukhale mukutsika.

M'dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzaza msanga. Chichitikire namondwe Freddy mu Malichi 2023, ine mvula ikagwa masiku awiri otsatizana sindikwera, chifukwa nthaka ya m'mphepete mwa phiri ikakhuta madzi imagumuka.

Za m'chikwama

Madzi malita awiri a inu, lita imodzi kapena kupitirira ya galu, ndi kambale kake. Majumbo awiri kapena atatu otolera chimbudzi cha galu ndi zinyalala zanu. Kasopo, bandeji, kansalu koyera, ndi kapulayala kodulira waya. Chifukwa chake ndifotokoza. Foni yodzaza moto, ndalama zing'onozing'ono za pageti ndi za zipatso, nsapato zogwira pansi. Galu asadye chakudya chambiri asananyamuke, mupatseni pang'ono, chokhutitsa akadye pobwera atapuma. Uzani munthu mmodzi kunyumba njira imene mudzere ndi nthawi yoyembekezera kubwerako, popeza netiweki imasowa m'zigwa zina.

Kafikidwe kumtunda

Pali njira ziwiri. Ya galimoto ndi msewu wa tala wokhotakhota wochokera m'tauni mpaka ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri. Galu akhale kumbuyo atamangidwa kapena atagwiridwa, mawindo otsegula pang'ono, ndipo musamusiye m'galimoto yotseka padzuwa ngakhale kwa mphindi zochepa. Pa njinga yamoto ya kabaza musakwere ndi galu wamkulu.

Ya pansi ndi Potato Path, kanjira kamene anthu ankatsitsira mbatata ya kachewere kuchokera paphiri kupita kumsika. N'kachidule koma n'kotsetsereka zedi, ndipo pokwera mtima umagunda m'makutu. Kwa galu amene akukwera koyamba, ine ndimalangiza kuti mupite pa galimoto n'kukayambira kuyenda pamwamba. Kanjira aka mudzakayese ulendo wachitatu kapena wachinayi, miyendo yanu ndi ya galu itazolowera.

Mukafika, lankhulani ndi a zankhalango kapena alonda amene mwawapeza. Nkhalangoyi ndi yotetezedwa ndi boma kuyambira 1913, ndipo ili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango. Apatseni moni, auzeni kuti muli ndi galu ndipo mukungoyenda, afunseni ngati pali kumene akudula mitengo kapena kumene kuli moto tsiku limenelo. Izi n'zofunika chifukwa m'nkhalango zathu munthu woyenda ndi agalu amadziwika kuti ndi mlenje. Galu wa pa chingwe ndiye umboni wanu woti simunabwerere agwape. Ngati njira simukuzidziwa, tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo amene amapezeka pafupi ndi hotela ya Sunbird Ku Chawe, mugwirizane mtengo musananyamuke, ndipo mumuuziretu za galuyo. Misewu ya m'mapaini imafanana kwambiri, ndipo pamene adula mitengo posachedwa malo amasinthiratu maonekedwe.

Njira zitatu, kuyambira yophweka

Ulendo woyamba ukhale wa m'mbali mwa damu la Mulunguzi n'kutsata mtsinje chokwera, kudutsa mathithi a Mandala ndi pamaiwe a nsomba za trout mpaka ku mathithi a Williams. Muli mthunzi, chitunda chake n'chofatsa, ndipo ndi ulendo wa m'mawa umodzi. M'mphepete mwa mtsinjewu ndi mmene mwatsala mitengo yachilengedwe yambiri, ndiponso ndi mmene mungamve mbalame bwino mukayenda mwakachetechete.

Koma pamadzipa ndiimepo pang'ono. Madzi amene amatuluka pampopi ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi, m'zipatala ndi m'sukulu za mu mzinda uno amachokera m'damu limeneli, limene amayang'anira a Southern Region Water Board. Galu asasambe m'damu, ndipo asachite chimbudzi pafupi ndi mtsinje uliwonse wothira m'menemo. Akachita, tolani ndi jumbo, mangani, tsikani nacho. Ndikudziwa kuti ambiri zimenezi amaziona zachilendo, ena amaseka kumene akandiona ndikuwerama. Koma chimbudzi cha galu chimakhala ndi mazira a njoka za m'mimba amene amadwalitsa ana, ndipo mvula ikagwa zonse zimatsikira kumadzi amene tonse timamwa. Ngati muli kutali kwambiri ndi mtsinje, kumbani kadzenje ndi kamtengo, kwirirani bwino. Jumbo musalipachike pamtengo poganiza kuti mudzalitenga pobwerera.

Ulendo wachiwiri ndi wopitirira mathithi a Williams kukafika ku damu laling'ono la Chagwa, kenako ku Queen's View ndi Emperor's View. Malo a Queen's View anatchulidwa dzinali Mayi a Mfumukazi Elizabeth atafikapo mu 1957, a Emperor's View Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itafikapo mu 1965, n'chifukwa chake abale athu achi Rasta amawalemekeza kwambiri. Kunja kukayera mumaona tauni yonse pansi panu, nyanja ya Chilwa, ndi phiri la Mulanje kutali. Uwu ndi ulendo wa tsiku, nyamulani chakudya. Pamalo oonera patali pali maphompho, choncho fupikitsani chingwe musanafike m'mphepete, chifukwa galu akaona mbalame kapena buluzi sayang'ana pansi.

Wachitatu, wa ku Dzenje la Chingwe chakumadzulo kumene mumaona chigwa cha Shire, kapena wa ku nsonga ya Malumbe, ndi wa galu wokhwima ndi mwini wake wokhwima. Dzenjelo ndi lakuya ndipo pakamwa pake pamabisika ndi zomera. Akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu. Galu asayandikire n'komwe.

Mukakumana ndi anthu

Phirili ndi malo antchito. Mukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, abambo atasenza matabwa, ena akutsika ndi njinga zolemedwa zimene mabuleki ake ndi nsapato. Munthu wosenza katundu panjira yotsetsereka akadzidzimuka ndi galu akhoza kugwa n'kuthyoka. Mukawaona, patukani ndinu, khazikani galu pansi kumbali yakutali ndi njira, ndipo lankhulani msanga: "Mwadzuka bwanji mayi? Dutsani, ndamugwira." Mawu oti "saluma ameneyu" sathandiza munthu amene analumidwapo ali mwana. Chimene chimamukhazika mtima pansi ndi kuona chingwe chili m'manja mwanu chofupika.

Kumbukiraninso kuti Zomba ili ndi abale ndi alongo athu ambiri achisilamu amene safuna kunyambitidwa kapena kukhudzidwa zovala ndi galu. Musalole galu kununkhiza munthu aliyense amene sanapemphe yekha. Ana ogulitsa sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu nthawi zambiri amayala zipatso zawo pansi. Galu adutse patali ndi mbalezo. Paphiripa mwina mungakumanenso ndi akavalo. Mukamva ziboda, tulukani m'njira, gwirani galu pa lamba penipeni mpaka adutse.

Anyani, misampha ndi njoka

Tsiku lina, m'chaka changa choyamba, ndinaona kuti njira ili zii ndipo ndinamumasula Tiyese kuti athamangeko. Sipanathe mphindi zisanu, ndinamva kukuwa kwa anyani kumunsi, iye n'kulowa m'tchire ngati muvi. Ndinaitana mpaka mawu kusasa. Ndinamupeza patapita nthawi yaitali, osati chifukwa cha anyaniwo, koma chifukwa cha kulira kwake: mwendo wakutsogolo unali utakodwa mu msampha wa waya umene wina anatchera agwape. Pamene ankakoka, waya unkalowerabe m'mnofu. Ndinalibe chodulira. Ndinachita kumuphimba kumutu ndi jekete kuti asandilume ndi ululu, n'kumasula wayayo pang'onopang'ono ndi zala, kenako kumunyamula paphewa mpaka kumsewu. Anatsimphina mwezi wathunthu. Kuyambira tsiku limenelo sindinamumasulenso paphiri, ndipo kapulayala sikachoka m'chikwama.

Mukapeza msampha, auzeni a zankhalango malo ake. Galu akakodwa, mugwireni kuti asakoke, mphimbeni kumaso, dulani waya, tsukani bala ndi madzi oyera, mangani, tsikani naye kwa dokotala.

Anyani enieniwo ndi oopsa kuposa mmene anthu amaganizira. Nyani wamphongo ali ndi mano aatali kuposa a galu, ndipo gulu likamateteza ana limang'amba galu mosavuta. Mukawaona panjira, imani patali, fupikitsani chingwe, bisani chakudya, dikirani adutse kapena bwererani. Musawagende ndipo musawaponyere nthochi. Apusi ndi anchima amathawira m'mitengo, koma galu wowathamangitsa amatha kugwera kuphompho. Palinso mbalame zoikira mazira pansi ndi tiana ta agwape tobisala mu udzu, zimene galu womasuka amapha mwini wake osadziwa n'komwe.

Njoka yoti muisamale kwambiri ndi mphiri, chifukwa siithawa, imangogona panjira pamene pali kadzuwa. Galu asalowetse mphuno m'mauna, pansi pa zipika kapena m'mipata ya miyala. Akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange mothina. Munyamuleni kuti asayende, ndipo thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Mukaona mzere wa linthumbu wadutsa njira, dumphani msanga ndi galu wanu osaima, kenako muyang'aneni pakati pa zala. M'munsi mwa phiri, nyengo yachilimwe, samalani ndi chitedze. Chikagwira ubweya wa galu chimafikanso pa inu.

Kutopa ndi kutentha

Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili panja. Muzipuma pamthunzi mphindi 30 kapena 40 zilizonse n'kumupatsa madzi pang'onopang'ono. Mukaona lilime latalika kwambiri ndi kufiira, dovu lambiri, miyendo ikugwedezeka, kapena akungofuna kugona, ulendo wathera pomwepo. Muikeni pamthunzi, mthireni madzi ozizira pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, ndipo akapanda kusintha msanga tsikani naye. Agalu a mphuno zazifupi ndi a ubweya wambiri amatenthedwa msanga kuposa agalu athu achikuda. Panado, Brufen kapena mankhwala ena a anthu musamupatse popanda dokotala; Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu.

Zikachitika kuti galu wanu waluma munthu, kapena inu mwalumidwa ndi galu wina kaya nyani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati waluma ndi galu wanu, musathawe. Perekezani munthuyo, onetsani khadi la katemera, ndipo galuyo asungidwe pomuyang'anira kwa masiku 10 monga a zaziweto angakuuzireni.

Potsika ndi pofika kunyumba

Yambani kutsika dzuwa likadali pamwamba. M'nkhalango mumada msanga kuposa kunja, ndipo miyezi yozizira pofika 5 koloko madzulo njira imakhala itayamba kusaoneka. Potsetsereka galu akhale pambali kapena kumbuyo kwanu, chifukwa akakoka ali kutsogolo mugwa chafufumimba. Chingwe musachikulunge padzanja, chigwireni moti mutha kuchisinthira dzanja lina. Moto musakoleze paliponse, ndudu musataye, maluwa ndi timitengo musazule, ndipo chilichonse chimene munakwera nacho mutsike nacho.

Pofika pakhomo, galu asanalowe m'khola lake, mufufuzeni thupi lonse ndi manja: m'makutu, m'khosi pansi pa lamba, m'khwapa, pakati pa zala, pansi pa mchira. Nkhupakupa igwireni pafupi ndi khungu ndi kopanira, kokani molunjika osapotokola, ndipo musaiotche kapena kuithira parafini ikadali pathupi. Onani mapazi ngati ang'ambika kapena alowa minga, ndi m'makutu ngati mwalowa njere za udzu. Dzifufuzeninso nokha m'miyendo ndi m'chiuno.

Kwa sabata zitatu zotsatira muziyang'ana kadyedwe kake. Galu akayamba kukana chakudya, kufooka, kutentha thupi, nkhama zake zikayera m'malo mofiirira, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhupakupa, ndipo amapha msanga akachedwa kuchizidwa. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo mukamuuze tsiku limene munakwera phiri.